Mawu a Amayi pa Disiki ya Bambo

Lolemba, 4 Malichi

Sabata imodzi chiikireni bambo m'manda. Lero kulongedza m'chipinda mwawo. Achimwene atenga masuti, ine kompyuta. Pambali pake kabokosi kaja kowerenga madisiki, chingwe chake chonenepa chikadali pabowo la kompyuta lolumikizira pulinta. Fumbi lokhalokha. M'kati muli disiki, analembapo ndi dzanja lawo: "Amayi ako akuimba." Mawu a malemu amayi kwina kulikonse kulibe.

Lachitatu, 6 Malichi

Ndinawononga ndine. Zaka zinayi zapitazo ndinawaikira pulogalamu yatsopano yoyendetsa kompyuta, ati kuwasangalatsa. Basi, kabokosi kanasiya kuoneka. Yatsopanoyo inalibe dilaiva, kapulogalamu koti ziwirizi zizimvana. Bambo sanakalipe. Ankangoti, "Akatswiri, amayi ako ndidzawamva liti?" Ine, "Loweruka likubwerali." Kuntchito makompyuta a anthu osawadziwa n'komwe ndimakonza tsiku lomwelo. Manyazi andigwira, mtima ukuwawa.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndabwezeretsa pulogalamu yakale. Kagetsi kobiriwira ka pakabokosi kayaka, koma kompyuta ili ziii, kabokosi sikukaona. Dilaiva ndafufuza pa intaneti mpaka maso kuwawa. Opanga anasiya kalekale. Mnzanga wa kuntchito akuti, "Chemwali, zamakedzana izo, ingotayani." Pang'onong'ono ndikanamugenda ndi kapu.

Lachiwiri, 19 Malichi

Palibe. Ndilembe chiyani?

Loweruka, 23 Malichi

Achimwene abwera ndi envulopu. Aipeza m'thumba la suti yakuda, ija bambo ankavala pobwera kwathu. Dzina langa pamwamba, m'mbali monse moperepeseka. M'kati kadisiki ka dilaiva ndi kapepala: "Ndakupezera, usavutike n'kufufuza. Ukapeza mpata, mwanangu." Deti lake la zaka zinayi zapitazo. Ndiye kuti ankabwera nayo, n'kundipeza ndili pikitipikiti pafoni, n'kubwerera nayo. Mayo ine.

Ndaika. Ndazimitsa, ndayatsanso. Kabokosi kalira, disiki yatseguka. Amayi akuimba, alakwitsa, aphulika kuseka. Bambo akumveka chapatali m'disikimo, "Yambiranso, iwe!" Achimwene atuluka panja. Ine ndatembenuzira sipika kumpando wa bambo, ngati wopusa.

Ndinayang'ana wotchi poyamba ndi pomaliza, chizolowezi cha kuntchito. Ntchito yonse mphindi khumi ndi imodzi.

Bambo, lero ndi Loweruka.