Bambo ako ali kuseri kwa mlalang'amba

amayi 08:12
ndangofika kumene. pakhoma pa balaza pali chinthu ngati madzi otsukira mbale akulowa mu sinki. chithunzi cha malemu bambo ako chili kuti

mwana wanga mphunzitsi 08:31
mwafika bwino amayi? umenewo ndi mlalang'amba, spiral galaxy. ndinajambula ndekha ndi telescope ija. surprise!

amayi 08:32
sindinafunse dzina lake

mwana wanga mphunzitsi 08:35
onetsetsani, uli ndi mikono yopindika ngati chigoba cha nkhono. muli nyenyezi mabiliyoni. pakati powalapo pali black hole, imameza chilichonse choyandikira

amayi 08:36
ndiye yameza bambo ako?

chitsiriza 08:37
kkkkk achimwene ndinakuuzani kt mugule frame yanu

mwana wanga mphunzitsi 08:44
ali momwemo, kuseri. ndinangosanjikiza

amayi 09:20
[uthenga wa mawu 0:21] ndatsegula. iwe, unapaka guluu? zamatana! nkhope yonse yakakamira kumsana kwa pepala lakoli. ndikuona khutu lokha ndi kolala. mphunzitsi wathunthu, ndevu pepeya, za zii!

mwana wanga mphunzitsi 09:22
pang'ono chabe m'makona, limatsetsereka. pls osamatula

chitsiriza 09:23
chilipo china?

amayi 09:23
china chiti. munthu uja ankathawa kamera ngati jakisoni. n'chomwechi

chitsiriza 09:24
eish

mwana wanga mphunzitsi 10:05
pepani amayi. ndimafuna muzinyadira. taganizani, kuwala kumeneko kunanyamuka zaka mamiliyoni zapitazo. nyenyezi zina pamenepo zinafa kalekale koma tikuzionabe

amayi 10:06
zakufa za eni ake zikuoneka. wakufa wanga sakuoneka

amayi 10:41
ndapita kwa wojambula wa pakona. akuti ayesa ndi nthunzi koma chimodzi chiwonongeka basi, salonjeza zonse ziwiri. ndamuuza apulumutse chokhala ndi makutu

chitsiriza 10:42
achimwene file muli nayo eti, mudzapangitsa china

chitsiriza 10:58
achimwene?

amayi 13:15
chatuluka. mphuno yapita, maso alipo. akundiyang'ana monga ankakuyang'anira ukaswa mbale

amayi 13:16
nkhono yako yanyowa, ndaika pansi pa chitini cha zinyalala kuti chisadetse simenti. udzatenge

amayi 13:50
zaoneka blue. ndikudziwa wawerenga