Jekete la Ababa Lisaoneke

Area 10, Lilongwe

Okondedwa achemwali a Cecilia,

Kaya mwadzuka bwanji ku Nkandoko? Bondo lija laleka kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima sukukhazikika. Dzanja lolembali ndi la mayi Rashida oyandikana nawo, pakamwa ndi panga, ndipo pakamwa pomwepa ndi pamene pandiputira mlandu.

Abwana amene ndimawasamalira maluwa ali ndi chipinda chodzaza majekete akale a asilikali a njinga zamoto. Loweruka amasankha limodzi, kuvala, ulendo pa mthuthuthu wawo, dzuwa likuswa mtengo. Sabata yatha adandituma kukawayanika. Nditagwira lina lachikopa, fungo lake linali la ababa enieni. Basi nkhani idatuluka yokha. Ndidawauza za ababa ali msilikali ku Keyala, mmene ankathamangira ndi makalata pa njinga yamoto ku Burma, zipolopolo zikulira ngati njuchi. Ndidathirako kamchere, inu mukundidziwa. Chakomachakoma pusi adagwa chagada: ndidaulula kuti jekete lawo likadalipo, lili m'sutikesi kwanuko.

Tsopano akuti mwezi wamawa akukakwera phiri la Chambe, ndiye adzaima pa Nkando kudzaliona, mwina kulitenga. Akuti amayamba amasula nsalu yam'kati kuti aone chidindo cha chaka. Achemwali, si m'menemo mmene amayi adasokera chithumwa, ababa atabwerako akubwebweta, kuti nkhondo isawatsatire kumudzi? Si paja adatilumbiritsa tonse awiri kuti ulusi umenewo usadzamasulidwe? Chiyambire tsiku limene abwana adanena zimenezi ndikungothirira maluwa omwewomwewo kawirikawiri.

Pempho langa ndi ili. Alamu alitengere kwa azakhali ku Limbuli, m'thumba la chimanga. Asalivale panjira ayi, ndikuwadziwa aja, akakhala pa njinga amafuna aoneke ngati sajeni.

Abwanawo akafika muwalandire bwino, si munthu woipa. Muwadulire nanazi, muwauze kuti lidadyedwa ndi chiswe. Ndikudziwa, inu a Mvano kunama kumakutsamwitsani. Zikakanika, mungowauza kuti achimwene anu aja ndi abodza chibadwire, ababa sadakwerepo ngakhale njinga yakapalasa. Adzakhulupirira, andimva kale nkhani zanga zambiri. Bola dzina langa ling'ambike kusiyana ndi ulusi wa amayi.

Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi adzukulu onse. Mundiyankhe msanga likangochoka m'nyumbamo.

Ndine mlongo wanu wapakamwa,
Isake