Timapepala ta Clelia

Okondedwa asuweni a Fosco,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno ku Parma kukuzizira.

Tsiku lathu lomaliza, mkazi wanga Clelia sanayankhule. Ankasunga mawu, monga ankachitira mawa lake kukakhala opera yovuta, sewero la nyimbo loti akaimbemo. Ankangondilembera timapepala. Koyamba kanati, "Khofi wakoyu ndi madzi otsukira mbale, mdala iwe." Kachiwiri kanati, "Pamtima pakundithina. Ndisapite mawa?" Ine ndinayankha kuti, "Anthu agula kale matikiti."

Manyuzipepala akutamabe mmene anaimbira tsiku limene anagwa pasiteji osadzukanso. Ndikatuluka, anthu amandiimitsa n'kumandithokoza pomusamalira bwino, ndiye sindikutulukanso.

Madiresi ake ndapereka kunyumba ya zisudzo. Timapepala tonse ndawotcha, koma kachiwiri kaja kandikanika.

Ndine msuweni wanu,
Ettore