Mphaka wa Eni, Dzina la Eni

Cape Town
7 Epulo 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi onse a pakhomopo ku Malemia. Bondo lija likuti bwanji? Achimwene a Kizito anandiuza pa foni kuti mukumapitabe nokha kumunda wa mpunga kukaingitsa mbalame. Ndinawafunsa kuti iwowo miyendo yawo anabwereketsa kwa ndani, foni n'kuduka. Akuti inali netiweki. Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo yayamba kuzizira.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Foni yanu mumaiika pa sipika, ndiye nkhani imafika ku Naisi ndisanamalize kuyankhula. Iyi ndapatsira a Silas, oyendetsa thiraki aja a kutchalitchi kwathu, kuti akupatseni m'manja. Muiwerenge nokha kaye mpaka kumapeto.

Abwana anga akusamuka. Apeza ntchito ku Mangalande ndipo anyamuka pa 14 Juni, iwo, madamu ndi ana awiri. Mipando akugulitsa, galimoto imodzi yapita kale, koma galu ndi mphaka akupita nawo. Inde Amayi, mwawerenga bwino. Galu wawo Mailo ndi mphaka wakuda Pepa akukwera ndege. Nditamva ndinaseka, ndimati akucheza. Ndinafunsa madamu ngati ku Mangalandeko kulibe amphaka. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa chifukwa chimene akutengera ana awo.

Popeza onse awiri amakhala kuntchito, ndine amene ndakhala ndikuperekeza nyamazi kwa dokotala wa ziweto, mayi wina wachikulire, a Naidu. Zimene ndaona kumeneko zanditseka pakamwa, ine amene mumati pakamwa panga sipadziwa kutseka.

Nyama iliyonse ili ndi kanthu pansi pa khungu, kumbuyo kwa khosi, kochepa ngati njere ya mpunga wa faya. Amati tchipi. Kalibe batire, sikawola, ndipo nyamayo sikamva. Koma akayendetsa kamakina pamwamba pa ubweya kamalira kuti tii, n'kutulutsa nambala yaitali, manambala khumi ndi asanu. Akuti dziko lonse lapansi palibe nyama ina ya nambala imeneyo. Ndinawapempha kuti ayendetsenso kachiwiri kuti ndionetsetse. Inatuluka yomweyo. Ndinagwira Mailo pakhosi n'kumva kanjereko kakuyenda pansi pa chala changa.

Kenako katemera wa chiwewe. Kwathu timangomva kuti a zaziweto afika pabwalo la sukulu, anthu n'kukoka agalu ndi luzi, jakisoni, basi, kapepala kake madzulo tayatsira mbaula. Kuno amalemba tsiku, nambala ya botolo, ndi nambala ya tchipi ija. Ndipo galu akabayidwa katemera asanamuike tchipi, katemerayo sawerengedwa, ayambirenso. Ndinafunsa kuti chifukwa chiyani, mankhwalawo si alowa kale m'thupi? A Naidu anati alowadi, koma palibe umboni wakuti alowa mwa galu ameneyu osati mnzake.

Ine ndimati zathera pomwepo. Ayi ndithu. Pakapita masiku makumi atatu amatenga magazi n'kutumiza ku labu kuti akaone ngati katemerayo wagwira. Sakhulupirira jakisoni, sakhulupirira dokotala, akufuna magazi anene okha. Zikatuluka bwino, nyamayo idikirenso miyezi itatu kuchokera tsiku limene anatenga magaziwo. Kukatsala masiku khumi kuti inyamuke, dokotala wa boma asaine satifiketi yoti ili bwino. Galu amwenso mankhwala a njoka za m'mimba, kukatsala masiku osapitirira asanu kuti afike, ndipo amalemba ndi ola lomwe wamwera. Ola, Amayi! Ine tsiku langa lobadwa mumati ndi chaka chimene chimanga chinaolera m'munda.

Bokosi lokwerera ndege anachita kumuyeza Mailo ndi tepi ngati kwa telala. Akuti azitha kuimirira osagunda mutu, kutembenuka, ndi kugona atatambasula miyendo. Ndinakumbuka minibasi ya ku Zomba, anayi anayi pampando, kondakitala atakugonera pamsana, ndipo ndinangoti zikomo kwambiri. Pepala limodzi likalakwika, ngakhale nambala imodzi yokha, nyamayo amaibweza kumene yachokera kapena kuitsekera kwayokha mpaka miyezi inayi.

Musaganize kuti ndikunyoza. Poyamba ndinkanyozadi, ndinkati awa ndi masewera a anthu okhuta. Koma a Naidu anandiuza kuti dziko limenelo chiwewe cha agalu anachithetsa kalekale, ndipo mapepala onsewa ndi mpanda woti chisalowenso. Amayi, ndinakumbuka Husna, mwana wa a Ramadhani, mmene anafera atalumidwa ndi kagalu kosaoneka n'komwe kuti kakudwala, mmene ankakuwira akaona madzi m'kapu. Kuli dziko limene azimayi sanaonepo zimenezo. Ndipo sikuti anachita mwayi. Anangogwirizana kuti lamulo ndi lamulo, osakambirana, osati ndi mwana wa uje.

Tsopano mumve zimene ndinachita ine mwana wanu wophunzira. Tsiku lotenga magazi a Pepa linali 12 Malichi. Madamu anandiuza kawiri kuti tsikulo lisaphonyeke, chifukwa pakangodutsa masiku awiri miyezi itatu ija sikwana ndege isananyamuke. Ndinapeza mphaka wakuda kukhitchini akudya m'mbale yake, ndinamuphimba ndi chitenje, m'bokosi, takisi, ulendo.

Kuchipatala kamakina kanalira kuti tii. A Naidu anayang'ana pa kompyuta, n'kundiyang'ana ine, n'kundifunsa kuti mphaka wa eni ake ndamubera chiyani. Ndinakwiya. Ndinawauza kuti mphaka ameneyu ndamudyetsa zaka zitatu, sangandiphunzitse nkhope yake. Sananditsutse. Anangotembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Panali dzina la mphaka wina, dzina la aneba athu a kuseri kwa mpanda, ndi nambala yawo ya foni. Ndi mphaka wawo, wakudanso bii, amene amalowera pawindo kudzaba chakudya. Kwa ine mphaka wakuda ndi mphaka wakuda. Kwathu ndani anayang'anapo mphaka kumaso? Bola akugwira makoswe m'nkhokwe.

Ndinathamanga kubwerera kunyumba, Amayi, ngati ndikuthawa njuchi. Pepa ndinamupeza m'wadiropu atagona pa malaya a abwana. Ndinabwerera kuchipatala atatsala pang'ono kutseka, magazi n'kutengedwa tsiku lomwelo. Pakanapanda kanjere kaja, magazi a mphaka wa eni akanapita ku labu m'dzina la Pepa, ndipo palibe akanadziwa, ngakhale ine.

Ndimayembekeza kukalipiridwa. M'malo mwake a Naidu anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandifunsa kuti mphaka wa anebawo ndinamugwira bwanji. Akuti amamudziwa, ndi wolusa, akabwera amamugwira anthu awiri atavala magolovesi. Ndinati ndi chitenje basi, ndipo kwathu mbuzi zanu ndinkazimwetsa mankhwala ndekha. Kuyambira tsiku limenelo ndikapita amandiitana kuti ndiwagwirire agalu a anthu ena. Sabata yatha anandiuza kuti akudziwa kuti abwana akachoka ntchito yanga yatha. Akufuna kunditenga kuti ndizithandiza pachipatalapo, n'kundilembetsa kosi ya osamalira ziweto. Mapepala onse akufunika mwezi wa Meyi usanathe.

Sindinagone bwino ndi chimwemwe. M'mawa ndinatenga pasipoti ndi satifiketi yanga ya Fomu 4 kukapereka kwa mlembi wawo. Anayang'ana pepala ili, anayang'ana ilo, n'kundibwezera. Anati awa ndi anthu awiri. Pasipoti ikuti Eluby Namaona, satifiketi ikuti Flora Chilimba. Anandifunsa mwaulemu ndithu kuti satifiketi ya eni ake ndaitenga kuti. Ndinaima pamenepo chimodzimodzi mphaka uja pathebulo, nkhope ili yomweyi koma pepala likunena wina.

Inu nkhaniyi mukuidziwa, koma ndilemba yonse kuti amalume a Eneya akaimva asanene kuti aiwala. Chaka chimene abambo anamwalira ndinakhoza Sitandade 8, n'kusankhidwa kupita kusekondale yogonera konko. Mwana wawo Flora analephera. Amalume, pokhala mphunzitsi wodziwa njira zake, anabwera pakhomo nati inu simungandikwanitse kusukulu yogonera, ndiye malowo asaonongeke. Flora anapita ndi dzina langa, atanyamula sutikesi imene abambo anandigulira. Ine ndinabwereza Sitandade 8 ndi dzina la Flora, amalume n'kusaina ngati bambo anga. Ndinakhozanso, koma ulendo uno kusekondale yoyendera. Zaka zinayi aphunzitsi akaitana Flora Chilimba ine ndinkayankha. Inu munangoti ndi mlongo wanu, mungatani. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, Amayi. Ndinkaona kuti inu ndinu akulu, mungathe kutani ndithu.

Ndikudziwa kuti si ife tokha. M'kalasi mwathu tinalipo angapo oyankha maina a abale, ena a anthu akufa. Kwathu zimaoneka zazing'ono, amati bola mwana waphunzira. Nanenso ndinafika poganiza kuti bola satifiketi ndili nayo. Pochita chitupa ndi pasipoti ndinakakamira dzina langa lenileni, osadziwa kuti tsiku lina mapepala awiriwa adzaikidwa pathebulo limodzi.

A Naidu sananditaye. Ndinawafotokozera zonse, ndipo sanaseke ulendo uno. Afunsa kumene amaunika masatifiketi a kunja, ndipo akuti pali njira imodzi. Pakufunika kalata yolumbira pamaso pa majisitireti, yonena kuti Flora Chilimba wa pa satifiketiyo ndi Eluby Namaona wa pa pasipoti ndi munthu mmodzi. Mulumbire inu monga mayi wondibereka, alumbirenso munthu amene anasaina kusukulu ngati kholo. Munthu ameneyo ndi amalume.

Pempho langa ndi limeneli. Mupite kwa mlongo wanu, mukwere nawo minibasi mpaka kukhoti ku Zomba, akalumbire. A Silas abwerera kuno pakati pa Meyi, adzatenge kalatayo pamanja. Musatume achimwene a Kizito, adzangokhala pakhonde kukamba za mpira n'kubwerako. Mupite inuyo. Nthawi ija simunayankhule. Ino muyankhule.

Ndikudziwa chimene amalume aope. Flora ndi mphunzitsi tsopano, ndipo kuntchito kwake amamuitana Madamu Namaona. Muwauze kuti kalatayo sikufunika kutchula za iye. Sindikufuna kuti achotsedwe ntchito. Anali mwana ngati ine, ngakhale kuti sutikesi ija akanatha kubweza. Dzinalo apitirize kudyera, tigawana. Ine ndikungofuna kuti Fomu 4 imene ndinalemba ndi dzanja langa, nditayenda wapansi zaka zinayi mvula ndi dzuwa, ikhale yanga.

Muwauzenso kuti sindikupempha chifundo. Ndi mkulu wa mpingo, Baibulo amaligwira Sabata lililonse kutsogolo kwa anthu. Kuligwira kamodzi kukhoti n'kunena zoona sikungawathyole dzanja. Akakana mundiuze msanga, musandibisire. Pa 14 Juni chipinda chimene ndimagona chithera limodzi ndi ntchito, ndiye ndikwera basi kubwerera ku Malemia. Akatero adziwe kuti Sabata lililonse ndizidzakhala pabenchi yakutsogolo, iwo akulalikira, ine ndikuwayang'ana.

Koma ndikufuna kukhala kuno, Amayi. Ndikufuna ndiphunzire kugwira kamakina kaja, kutenga magazi, kudziwa matenda a galu asanalume munthu. Sindinafunepo chinthu chonchi chiyambire.

Mupereke moni kwa achimwene a Kizito ndi alamu a Happiness, muwauze kuti mbalame za kumunda sizisankha woingitsa. Moni kwa ana awo onse, kwa azakhali a Elsie ku Naisi, ndi kwa amayi a chigwirizano amene amandipempherera. A Ramadhani ndi akunyumba awo muwauze kuti ndimawakumbuka. Flora mumupatse moni akabwera pa holide.

Amalume a Eneya muwapatsenso moni. Zaka khumi ndi zitatu sindinawatumizirepo, ndiye muwauze momveka kuti wachokera kwa ine. Ndi moni wokha. Zinazo tidzakamba ndikaona siginecha yawo.

Mulungu akusungeni, ndipo bondolo mulipumitse.

Ndine mwana wanu,
Eluby