Adona Abwere Pakati

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Nanga wamng'ono uja wayamba kuyenda, kapena akadakwawabe? Kuno Mulungu akutisunga. Ine ndi msana womwe uja, kuwerama pa makina tsiku lonse, koma zosoka zikubwera. Amayi akuyenda okha ndipo akudya bwino, mawondo okha ndiwo amavuta kukazizira.

Ndikanatha kukuimbira, koma ndimadzidziwa. Pafoni ndimayamba ndi kukalipa, iwe n'kumanamizira netiweki. Ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Zithunzi zimene mlongo wako wamng'ono Chitsirizira anajambulitsa ndi mwamuna womutomera uja unaziona. Ndinaona unaikapo timitima tofiira, n'kulembanso kuti galu ali m'zithunzimo ndi wokongola. Sindikukuimba mlandu, uli kutali ndipo umaona zokhazo zimene akuonetsa. Ine tsikulo ndinalipo.

Mlamu wathu wam'tsogoloyu sunakumane naye, choncho ndikutsine khutu. Ine ndimamutcha a Perefyumu, chifukwa limayamba kufika ndi fungo, mwiniwake pambuyo. Amagwira ntchito ya mu ofesi, amayankhulira m'mphuno, ndipo akamapereka moni amangokupatsa nsonga za zala ngati dzanja lako lili ndi mphere.

Munthu ameneyu ali ndi kagalu koyera, kaubweya ngati mopu, maso osaoneka n'komwe. Usaganize kuti kamalonda nyumba. Wakuba atabwera kangamulondolere pamene pali makiyi. Kali ndi bedi lake, thaulo lake, mswachi wake, ndipo kamapita kokametedwa pomwe ine mwini tsitsi ndimalukitsa kwa aneba.

Dzina lake ndi Dona. Ndinalakwitsa kamodzi n'kunena kuti galu wanuyu, a Perefyumu anandikonza kuti ameneyu si galu, ndi mwana wawo woyamba. M'nyumba mwawo amakatchula mwaulemu ngati apongozi. Umangomva kuti adona adya, adona agona, musaphokosere adona. Chitsirizira, yemwe uja ankagenda agalu a m'misewu ali mwana, naye walowa chipani chomwecho.

Iwe ukudziwa mmene amayi anatilerera bambo atamwalira. Kuchapa, kusita ndi kukolopa m'nyumba za anthu, pakamwa pali inde adona, ndamva adona, pepani adona. Mawu amenewo anawatchula mpaka tsitsi kuyera. Palibe ndi tsiku limodzi lomwe munthu anawaitana iwowo choncho.

Ndiye Chitsirizira anawaimbira kuti tsiku lojambula zithunzi abwere, akuti popanda iwo sizitheka. Ukanawaona! Anafika kushopu kwanga ali wefuwefu kuti ndiwasokere diresi. Ndinasiya za makasitomala, n'kuwasokera ya buluu ya manja aatali, yokhala ndi timabatani pakhosi. Anakonzetsa tsitsi, anagula nsapato zatsopano, ndipo anauza aneba onse kuti akukajambulidwa ndi mwana wawo. Ndinawapeza pagalasi akuphunzira kumwetulira atatseka pakamwa, kuti dzino losowa lija lisaoneke.

Tsikulo a Perefyumu anatitenga pa galimoto. Kutsogolo kunakhala mkwatibwi atanyamula galu pamiyendo, ife kumbuyo ndi zikwama. Kagaluko kanavala riboni wofanana ndi diresi la Chitsirizira, ndipo m'khosi munali kachikwangwani kolembedwa kuti amayi ndi abambo akukwatirana. Ndinafunsa kuti ndiye kuti amayi athuwa asanduka agogo a galu? Palibe anaseka, amayi anangonditsina pantchafu.

Malo ake anali munda wa maluwa, wa kapinga wometedwa bwino, mabenchi oyera ndi kasupe wochita kupanga. Wojambula tinampeza akudikira, chipewa chili chopendeketsa, thalauza lothina ngati anasokeredwa momwemo. Sanafunse n'komwe kuti ife ndife ndani. Ine anandipatsa chimbale chonyezimira choti ndiziwalitsira nkhope zawo. Amayi anawakhazika pabenchi pansi pa mtengo, a Perefyumu n'kuwasiyira chikwama cha galu, momwe munali mbale yake, burashi ndi timabisiketi. Galuyo anamumangirira pamwendo wa benchi yomweyo.

Kenako zinayamba. Sekani, yang'ananani, gundanitsani zipumi, yendani ngati simukundiona. Anthu akuluakulu kumaseka popanda choseketsa, dzuwa lili phwee. Amayi anakhala chowongoka osatsamira, kuopa kukwinyitsa diresi, akudikira nthawi yawo.

Wojambulayo anali atatengera kale chiyankhulo cha m'nyumba ya a Perefyumu. Atamaliza za awiriwo anatembenukira kubenchi kuja, n'kukweza dzanja, n'kufuula kuti tsopano adona abwere pakati.

Mlongo wanga, amayi anaimirira.

Anaika chikwama chija pansi, anasalaza diresi ndi manja awiri, anagwiragwira tsitsi. Kenako anadutsa kapinga yense uja pang'onopang'ono, nsapato zikuwaluma, nkhope ili ngwee. Anakaima pakati pa mwana wawo ndi mkamwini, anapinda manja kutsogolo, n'kumwetulira muja anaphunzirira pagalasi, maso pa kamera.

Wojambula anatsitsa kamera. A Perefyumu anatsokomola, kenako kuseka kunawapulumuka m'mphuno. Chitsirizira anawaweramira amayi n'kuwanong'oneza, koma tonse tinamva, kuti ayi amayi, akunena Dona.

Ukudziwa zimene amayi anachita? Anapepesa. Anati oo, pepani bambo, ndinamva molakwika, uku akupinda bondo kwa kamnyamata kojambula kaja, ndendende mmene ankachitira m'nyumba za mabwana. Anabwerera kubenchi, anamasula galu ndi manja awo, n'kumubweretsa pamalo pomwe anaima iwo.

Ine ndinali pomwepo, chimbale chili m'manja. Ndinalakalaka kapingayo atang'ambika n'kutimeza tonse.

Adona enieniwo atafika pakati anaonetsa maleredwe awo. Kukhala pansi anakana. Anauwa kamera, anatafuna riboni, anathamangitsa mbalame mpaka kugwera m'kasupe, ndipo potuluka anakodzera nsapato ya bambo wawo. Apo pokha ndi pamene mtima wanga unazizirako. A Perefyumu anawanyengerera, Chitsirizira anawaimbira timawu ta ana, koma galu ndi galu basi.

Amayi ndiwo anathetsa. Anangoomba kamluzu, n'kukasisita kuseri kwa khutu, kagaluko phee pamapazi awo. Munthu amene analera ana a eni osamvera moyo wake wonse, kagalu kangamuvute?

Wojambula anaomba m'manja kuti wapeza nzeru. Anati agogowa aime kumbuyo kwake, akweze bisiketi m'mwamba, aziomba mluzu kuti adona aziyang'ana ku kamera. Ndiye zithunzi zimene unazikonda zija, zomwe galu akuoneka ngati akuseka atakweza mutu, akuyang'ana amayi ako. Ali kuseri kwa kamera, mkono uli m'mwamba, thukuta likunyowetsa diresi la buluu.

Atamaliza ndinati tsopano mujambule chimodzi chokha cha mwana ndi mayi wake. Wojambula anayang'ana kumwamba n'kuti kuwala kwatha. A Perefyumu anati adona atopa, akufunika kukapuma. Chitsirizira anati tidzajambula tsiku lina, uku akupukuta galu ndi thaulo.

Titafika kunyumba amayi anavula nsapato, zidendene zili matuza okhaokha. Aneba atafunsa, anawayankha kuti zinayenda bwino kwambiri, malo ake okongola. Ine nditayamba kulalata anandiletsa. Anati ndisiye, linali tsiku la ana, olakwa ndi makutu awo okalambawa. Diresi lija analichapa, analisita, n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi.

Sindinathe kupirira, ndinapita kwa Chitsirizira. Ndinamuuza kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Anandiyankha kuti ndili ndi nsanje, ndine wachikale, ndipo anthu ozindikira masiku ano amajambulitsa ndi ziweto zawo. Anati amayi sanadandaule, nanga ine chikundiwawa n'chiyani? Ndinamufunsa ngati anawaonapo amayi akudandaula chibadwire chake. Anayamba kukanda foni.

Ndi pomwepo pamene anandiululira zimene zandilembetsa kalatayi. Akuti pa tsiku la ukwati mphete adzabweretsa ndi Dona, pa kapilo komangirira kumsana. Koma popeza amauwa akaona anthu ambiri, pakufunika munthu woti adzakhale naye panja, kuseri kwa chitseko, mpaka nthawi ya mphete itakwana. Akangopereka mphetezo, munthuyo adzamutulutsenso n'kukhala naye konko mpaka mwambo utatha. Ndipo popeza tsiku lija zinaoneka kuti adona amamvera munthu mmodzi yekha, ukumudziwa kale amene asankhidwa.

Ndinafunsa kuti nanga mpando wakutsogolo, wa mayi wa mkwatibwi? Anati ukhalapo ndithu, adzakhalapo nthawi yodya. Ndinafunsa ngati amayi a Perefyumu nawo adzasinthane nawo kugwira chingwe. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Akuti iwo aja sangathe, adzavala chipewa chachikulu, komanso ubweya umawayetsemulitsa.

Tamvera bwino, mlongo wanga. Mwana amene amayi anamubereka kumsana akukolopa makhonde a eni adzalumbira pamaso pa anthu, iwo ali panja akuomba mluzu. Sadzaona ndi maso, adzangomva nthungululu kudzera pachitseko. Ndipo anavomera kale. Chitsirizira anawauza mawu omwe aja, kuti popanda inu sizitheka, iwo n'kuti chabwino mwanangu.

Ine ndayankhula mpaka malovu kuuma. Kwa Chitsirizira ndine telala wolongolola basi. Koma iwe amakuopa, ndipo ndiwe amene wakupempha kuti udzamugwire mkono polowa, m'malo mwa bambo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Muimbire. Usayambe ndi zako zija za tikambirana bwinobwino. Umuuze mosapsatira kuti ngati amayi adzagwira chingwe, iwe sudzagwira mkono. Galuyo am'pezere wina, kapena a Perefyumu adzamubereke kumsana, poti ndi mwana wawo woyamba.

Chonde usawaimbire amayi kuti ufunse ngati ndikunena zoona. Adzakuuza kuti zonse zili bwino, ndipo adzandikalipira kuti ndikusokoneza banja la mwana.

Dzulo anabwera kushopu kuti ndiwayeze diresi la paukwati. Ndinali nditawasungira nsalu yabwino kuposa zonse zimene zinalowapo m'shopu mwanga, yofiirira, yolemera, yonyezimira pang'ono ikakumana ndi kuwala. Anaisisita nthawi yaitali. Anati ndi yokongola zedi, koma ubweya woyera udzaonekera kwambiri pamenepo, kodi ndilibe ina yotuwirako?

Mapini anali kukamwa. Ndinapitiriza kuyeza mapewa, m'chiuno, kutalika. Nditafika m'mbali anandigwira dzanja, n'kulikhazika pantchafu yakumanja. Anati apa ndiwaikire thumba lakuya ndithu, lokwana timabisiketi. Anawonjezera kuti ndilibise bwino mumsoko, lisamatukuke, kuti asadzamuchititse manyazi mwana ngati mwina wojambula angadzawapeze m'chithunzi.

Ndinalavula mapini aja, n'kulowa kuseri kwa katani ngati ndikukafuna choko. Ndinalira, mlongo wanga, ine amene sindinalire ngakhale tsiku limene anandisiya bambo a ana anga.

Matumba ndasoka ambiri pa moyo wanga, a mathalauza, a majekete, a mayunifomu a ana asukulu. Limeneli sindisoka. Amayi ndawauza kuti makina avuta. Nsaluyo sindinaidule, ili patebulo pomwepa ndi sizasi pamwamba pake, ikudikira foni yako.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti ndimawakumbukira. Ana uwapsompsone m'malo mwanga, ndipo wamkuluyo umuuze kuti azakhali ake akufuna kumva za kusukulu. Ana anga akupereka moni kwa amalume awo. Ambuye akusunge, akudalitse pa ntchito yako, ndipo akupatse pakamwa pamene ukuimba foniyo.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene anakusokera yunifomu yoyamba.