Lachinayi Ndikukabayitsa Mwana Wako

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino kumeneko ndi ntchito yako yowotcherera zitsulo. Chifuwa chija chinatha? Ma ARV ukumwa m'nthawi yake? Kuno amayi ali bwino kupatula mawondo awo aja, ana anga ndi a moyo, makina anga osokera akuyendabe. Amene sali bwino ukumudziwa, ndipo pa foni ija sunafunseko n'komwe za iye.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umangondidula ndikayamba kulankhula. Werenga mpaka kumapeto, usandipsetsenso mtima kuposa apa.

Mkazi wako ali kuchipatala chachikulu, mu wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi khomo la kubafa. Madokotala sanabise: ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira. Womudwazika ndine. Matewera ake ndikusoka ndekha ndi zidutswa zotsala pa nsalu za makasitomala, chifukwa ogula sakulimba ndi magazi amene akutaya. Ndimachapa m'mawa, pofika masana ndowa yadzadzanso.

Ndikukumbutse, poti iwe mutu wako umasunga zokukomera zokha. Chaka chija kuchipatala chathu chaching'ono, kumene tonse atatu timalandirira mankhwala, anatsegula kachipinda koyezera amayi. Anamwino anatiuza kuti kuli kachilombo kena kotchedwa HPV, kopatsirana pogonana, kamene anthu ambiri amakhala nako osadziwa. Anati mwa ife amene tili ndi HIV thupi limavutika kukachotsa, ndiye kamakhalitsa mpaka kuyambitsa khansa. Anati aliyense ayezetse ngakhale sakumva kuwawa paliponse.

Mlamu wanga anabwera kudzakuuza. Iwe sunafunse kuti khansayo imapha bwanji. Unafunsa kuti woyezayo ndani. Utamva kuti ndi namwino wamwamuna unalumbira kuti palibe mwamuna wina adzaone mkazi wako iwe uli moyo. Unayamba kumuperekeza kolandira mankhwala, n'kumakhala pa benchi yoyang'anizana ndi chitseko chija manja ali m'thumba, ngati mlonda. Anthu ankati taonani chikondi! Ine ndinkadziwa kuti ndi nsanje yachabechabe.

Ine ndinalowamo m'kachipindako. Bamboyo anandipaka mankhwala onunkhira viniga, n'kupeza kachilonda kakang'ono, n'kukawotcha tsiku lomwelo. Nthawi yonseyo ankandifunsa ngati ndingamusokere mwana wake yunifolomu. Iwe umaganiza kuti munthu ameneyo ankasirira chiyani? Amaona amayi kuyambira m'mawa mpaka madzulo monga iwe umaonera zitsulo zako. Ndinatuluka, ndinakakwera basi, madzulo ndinali pa makina.

Ndinakufotokozera zonsezi. Unandiyankha kuti ine ndilibe mwamuna wondiletsa n'chifukwa chake ndimangodzivulira paliponse. Mawu amenewo sindinawaiwale.

Mkazi wako atayamba kutaya magazi nthawi yosayenera unati ndi jakisoni wolera. Fungo litayamba unasamutsira mphasa pabalaza. Kenako ntchito yakutali inapezeka, iwe ulendo.

Tsopano imva zimene nsanje yako yagula. M'mawa uliwonse dokotala wamkulu amabwera ndi gulu la ophunzira, ambiri ndi anyamata ang'onoang'ono. Katani ya pa bedi lake ndi yoperewera, sitseka bwino. Amamuvundukula, amaloza, amafunsana mafunso, ena amalemba. Sindikuwadandaula, ndi aulemu ndipo akuyesetsa. Koma mkazi wako amangoyang'ana kudenga misozi ikulowa m'makutu. Unakana mwamuna mmodzi kwa kanthawi kochepa, lero akumuona onsewa tsiku ndi tsiku, iwe kulibe.

Sindikufunsa kuti kachilombo ka HPV kaja anabweretsa ndani m'nyumba. Anamwino akuti amuna amakanyamula popanda chizindikiro chilichonse, ndipo munthu sangaloze chala. Nkhani imeneyo ndaisiya. Imene sindisiya ndi ya Kamlomo.

Mwana wako wamkaziyo wakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi. Anabadwa ndi HIV, amamwa mankhwala ake osakumbutsidwa, ndipo pakamwa pake sipatseka monga ukumudziwira. Kuli katemera woteteza atsikana ku HPV, ndipo amagwira bwino ntchito mwana akabayidwa asanakule. Anamwino akuti kwa mwana ngati iye n'kofunika kwambiri, moti adzabayidwa kangapo.

Ndiye ndikumva kuti unawaimbira amayi. Unawauza kuti anzako a kuntchito akuti katemerayo amatseka mimba ndipo amaphunzitsa ana uhule, ndipo aliyense amene akabayitse mwana wako adzakuona. Aa, iwe! Kandimverere anakanena za m'maluwa. Anzako owotcherera mageti ndiwo asanduka madokotala? Amayi ali ndi mantha mpaka lero. Tsiku limene anamwino anafika kusukulu kudzabaya atsikana, amayi anamutsekera mwanayo m'nyumba, n'kukauza aphunzitsi kuti wadwala mutu.

Kamlomo anandifunsa ndikuyanika matewera ngati nayenso akadzakula adzadwale ngati amayi ake. Ndinamukalipira kuti akatsuke mbale, chifukwa ndikanatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe ndikanalira pamaso pake.

Chimene chandilembetsa kalata ino ndi ichi. Dzana ndinamuuza mlamu wanga kuti ndikutenga mwana ndikamubayitse. Anandigwira dzanja, mphamvu zake zochepa zomwezo, n'kunena kuti inde, mwanayo asadzagone pa bedi ngati lakeli. Kenako anati koma ndikupemphe kaye iwe, poti ndiwe bambo wake, ungakhumudwe. Ungakhumudwe! Munthu mafupa okhaokha, sakutha kutembenuka yekha, akuopabe kukukhumudwitsa. Ndinatuluka panja, ndinakaima kuseri kwa wodi, ndinakutukwana ndi mawu amene sindingalembe pano.

Anandilonjezetsa, ndiye ndikukupempha. Lola mwana abayidwe. Waimba foni yoopseza, imbanso ina yowamasula amayi, chifukwa nkhalamba ija sikugona. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndinakubereka kumsana uli ndi mamina, sindingakuope lero.

Koma usanamizike kuti ndikudikira yankho. Lachinayi m'mawa nditseka shopu, ndimugwira Kamlomo padzanja, tikupita. Ngati ukufunadi kutiletsa, foni sindiyankha. Kwera basi ubwere wekha. Uyambe walowa mu wodi ija, ukhale pambali pa mkazi wako, umusinthe thewera ndi manja ako. Ukatero ubwere kwathu udzandiuze m'maso kuti mwana wako asabayidwe.

Ndipo usachedwe, mlongo wanga. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti amene akufuna kuona mkazi wako n'kulankhula naye abwere tsopano. Mlamu wangayo akangomva nsapato za mwamuna m'khonde amatembenuza mutu.

Undiperekere moni kwa msuweni wathu amene ukukhala naye, umuuze kuti ana ake ali bwino. Amayi akupereka moni. Kamlomo akuti ubwere ndi nsapato zasukulu, zakezo zamuthina. Mulungu akusunge panjira, ndipo akufewetse mutu wakowo.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene wakwiya nawe koopsa.