Insulini ya Baba yatayika

Sisi Nyaradzo,

Pepani, ndathamangira kukiliniki ya ku Sakubva. Magetsi atazimanso dzulo, ndinasunga insulini ya Baba mumtsuko wa mchenga wonyowa, monga anatiphunzitsira nesi uja. M'mawa uno ndapunthwa pamtsukowo nditanyamula zochapa, kabotolo kaphwanyika. Baba sanabayidwe jakisoni.

Iwo angoti, "Iwe Tichaona, kukoleji unathawa, unesinso wakukanika?" Ndaseka nawo.

Muwayeze shuga, muziwapatsa madzi pafupipafupi. Akayamba kukunyengererani kuti mwana wabwino samana bambo ake tiyi wotsekemera, musawamvere. Akasanza kapena kufooka, ndiimbireni msanga.

Insulini ikakasowa kukilinikiko ndikwera kombi ya m'tauni, musandidikire. Amayi tinawataya chifukwa chochedwa. Awa sindichedwa nawo.

Tichaona